Mpata wa a Ida Namakhwa

Aliyense amene anagwirako ntchito m'mafakitale a pa Ginnery Corner, kuyambira chaka chija dziko linavomera zipani zambiri mpaka zaka zaposachedwapa, akalikumbukabe likhweru la a Ida Namakhwa. Dzina lawo lenileni ambiri sankalidziwa, poti ankangowatchula kuti Mayi Likhweru, koma kulira kwa likhwerulo ankakudziwa ngati belu la kusukulu. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, a Ida ankavundukula beseni la chinangwa chophika ndi zitumbuwa, n'kukankhira lilime kuseri kwa mano, n'kuliza kawiri mofupikitsa, kachitatu motalikitsa. Amuna a maovololo ankatuluka pa mageti ngati nkhuku zamva chimanga chikuwazidwa. Ogulitsa anzawo ankaitana makasitomala mpaka kusasa mawu, koma phokoso la malole ndi maminibasi linkawameza mawuwo. Likhweru lokha ndi limene linkawoloka msewu.

Chinsinsi cha likhwerulo chinali mpata. Pakati pa mano awo awiri akutsogolo, a m'mwamba, panali mpata woti kamtengo ka machesi n'kulowa, kapena tinene molondola, kupitirirako pang'ono. Mpatawo anautengera kwa mayi awo, amene anabwera kuno ali kamtsikana kuchokera ku Milanje, tsidya la Mozambique, pamodzi ndi makolo odzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Pa zinthu za kwawoko palibe chimene chinatsala m'banjamo. Chilomwe a Ida ankangochimva, kuyankhula ayi. Mudzi wa agogo awo sanaupondepo. Chimene chinawoloka malire n'kufika mpaka m'kanyumba kawo ka ku Chilobwe ndi mpata umenewu basi.

Inde, pa mwambo mkazi saimba likhweru, ndipo ali mtsikana a Ida anakwapulidwapo kangapo chifukwa cha khalidweli. Koma likhweru lomwelo ndi limene linawapezera mwamuna. A Ellard, amene ankanyamula mabelo pa fakitale ina ya nsalu, analimva tsiku lina n'kuwoloka msewu kuti akaone mnyamata wamwanoyo. Anapeza mtsikana akuseka, mpata uli poyera. Mpaka pamene anamwalira, m'chaka cha 2009, a Ellard ankauza anthu kuti iwo sanafunsire mkazi, anafunsira likhweru, mkaziyo anangobwera ngati banyira. Chithunzi chawo cha ukwati chinali pa khoma la pa balaza: a Ellard ali ndwii, a Ida akuseka pakamwa ponse.

Mwana anali mmodzi yekha, Ireen. Anaphunzira ndi chinangwa chomwecho mpaka kupeza ntchito mu ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni. Nayenso anabadwa ndi mpata, koma atangoyamba ntchito anakaikitsa mawaya m'kamwa, ndipo patapita chaka ndi theka mpatawo unatsekeka. A Ida zinawakhudza, koma anangoti ana a masiku ano ali ndi zawo. Kenako Ireen anapeza mwamuna, Clifton, wa m'banja la ku Namiwawa, kumene nyumba sizioneka chifukwa cha mipanda. Pa chinkhoswe, amayi onse akuimba nthungululu, a Ida chimwemwe chinawaposa ndipo analiza likhweru lawo lija, kawiri mofupikitsa, kachitatu motalikitsa. Anthu a ku Chilobwe anaombera m'manja. Mayi ake a Clifton anangotembenuka, n'kuyang'ana, n'kukonza chipewa. A Ida sanaganizeponso kanthu za kuyang'ana kumeneko.

Ngozi inachitika mu Febuluwale 2019. Minibasi imene anakwera m'mawa inamanga mabuleki mwadzidzidzi pozemba njinga yamoto ya kabaza. A Ida manja onse anali atagwira beseni pa miyendo, ndiye pakamwa ndi pamene panakumana ndi chitsulo cha mpando wakutsogolo. Mano awiri anagwera pomwepo, ena awiri anakazulidwa kuchipatala chifukwa anali atasweka mpaka m'kati mwa nkhama. Mano anayi a m'mwamba, ndi mpata womwe, zinapita tsiku limodzi.

Atabwerera pa malonda, mnzawo woyandikana naye beseni, a Constance, mayi wosadziwa kubisa mawu, anawalandira ndi nthabwala.

"Achemwali, likhweru lapita, atsala ndi magweru."

A Ida anaseka atagwira pakamwa, koma madzulo ake atafika kunyumba anatseka chitseko n'kuyesa kuliza. Munangotuluka mphepo ngati tayala laphwa. Masabata otsatira ankagulitsa atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango. Makasitomala akale ankabwerabe ena, koma ambiri ankaima pa beseni limene layandikira geti. Chinangwa chinayamba kubwerera kunyumba.

Ireen ndi amene anabwera ndi nzeru. Ukwati unali mu Okutobala, ndipo anati iye ndi Clifton agwirizana kuti amayi asadandaule chilichonse, apite ku chipatala cha mano choyima pachokha m'tauni. A Ida anagwetsa misozi, n'kuuza a Constance kuti kubala n'kwabwino.

Dokotala wake anali a Aman, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku India. Chinyanja chawo chinali cha moni, tsegulani pakamwa, ndi lavulani. Namwino wawo, a Lucy, amene nthawi zonse ankamasulira, anali pa tchuthi cha uchembere. Chingerezi cha a Ida chinali cha pa beseni: moni, zikomo, ndi manambala. Choncho Ireen ndi amene anakhala pakati.

Dokotala anatulutsa zitsanzo ziwiri n'kuziika pa tebulo. Choyamba chinali mano oikirira, omatidwa pa kapulasitiki kofiirira konga nkhama, ovala m'mawa n'kuvula pogona, kuwaika m'kapu ya madzi. Amenewa akanatheka m'masabata awiri, popanda kucheka paliponse. Chachiwiri chinali chachilendo. Amaboola fupa la chibwano, n'kulowetsamo tizitsulo tonga masikuluu, n'kudikira miyezi ingapo kuti fupa ligwire tizitsulo timeneto. Likagwira, amamangirapo mano osavulanso. Ireen, posowa mawu ena, anawatcha mano obzala.

A Ida anapempha kuti akaganize kaye, ndipo anaganizadi sabata yathunthu. A Constance anawathandiza kuganiza mwa njira yawo. Tsiku lina ankanena za a January, mlonda wa pa geti lina, amene anayetsemula m'minibasi mano oikirira n'kukagwera m'dengu la tomato la munthu wosamudziwa. Tsiku linzake ankatembenuka n'kunena kuti munthu si thabwa loti azilikhoma misomali, ndiponso chitsulo m'mutu chimaitana mphezi. Anthu ena a kutchalitchi anati pa msinkhu wa zaka makumi asanu ndi zinayi zoboola mafupa n'zongodziputira. Ireen yekha sanasinthe, ankati obzalawo ndiwo a anthu.

Koma a Ida funso lawo linali limodzi, ndipo sanafunse wina aliyense: ndi mano ati amene angalize likhweru? Iwo ankadziwa mphamvu ya mpweya umene ankaukankha pa mpata paja. Mano ongovala sakanalimba, akanauluka ngati a January aja, mwina mpaka tsidya la msewu. Mano ogwira m'fupa okha ndi amene akanapirira. Makina oboolera ankawaopa kwambiri. Komabe anasankha obzalawo, chifukwa cha likhweru.

Pa ulendo wachiwiri anakhala pa mpando wa dokotala, dzanja limodzi litagwira kachikwama, linalo litatseka pakamwa ndi mpango monga anazolowera. Anayankhula pang'onopang'ono kuti mwana amve bwino.

"Uwauze kuti ndasankha obzalawo. Koma andisiyire mpata. Popanda mpata sindikufuna."

Ireen anatembenukira kwa dokotala n'kuyankhula Chingerezi chachitali ndithu. Dokotala anagwedeza mutu mokoma mtima, n'kuyang'ana kalendala ya pa khoma, n'kulemba m'failo. A Ida anaona kuti wayang'ana kalendala, koma anangoti akufuna tsiku. Kenako dokotala anafunsa china, akuloza pakamwa pake, ndipo Ireen anapukusa mutu. A Ida atafuna kudziwa, Ireen anati akufunsa ngati amayi ali ndi matenda a shuga. Tsiku la opaleshoni linaikidwa patapita masabata atatu.

Za ululu wa opaleshoniyo a Ida sankakonda kuzinena. Anatupa masiku anayi, akumwa phala lokhalokha. Podikira kuti fupa ligwire, anawapatsa mano ongoyembekezera, a pulasitiki aja. Atadziyang'ana pa galasi anaona kuti mpata palibe, ndipo anafunsa mwana wawo tsiku lomwelo. Ireen anayankha mosachedwa kuti awa ndi ongobwereka, amapangidwa chimodzimodzi kwa aliyense, enieniwo akubwera ndi mpata wawo. Mawu amenewa anawabwereza kawiri kapena katatu m'miyezi isanu imene inatsatira, ndipo nthawi zonse a Ida ankakhulupirira. Pa Ginnery Corner anauza makasitomala kuti apirire, likhweru lili m'njira. Ena mpaka anayamba kuwerenga nawo miyezi.

Mano enieni anafika kumapeto kwa Seputembala. Ireen anali wotanganidwa ndi madiresi ndi makeke, ndiye a Ida anapita okha. A Lucy anali atabwerera ku ntchito. Dokotala anamanga manowo, anagogoda apa ndi apo, anawauza kuti alume kapepala, kenako anawapatsa galasi akumwetulira ngati mmisiri amene wakhutira ndi ntchito yake.

Mano anali okongola, palibe angatsutse. Anayi, oyera bwino, ogundana ndendende ngati matailosi a m'bafa ya ku Namiwawa. A Ida anayang'anitsitsa, n'kuyendetsa lilime kufuna pamene panali pakhomo pake kwa zaka zonse zija. Linapeza khoma. Anakoka mpweya n'kukankha. Sipanamveke kanthu.

Anauza a Lucy kuti mwina dokotala waiwala, pakufunika mpata pakati. A Lucy anamasulira. Dokotala anadabwa, natsegula failo, n'kuwerenga zimene analemba tsiku lija. A Lucy anawerenga nawo, kenako anayamba kuseka, poti anaona pamene panasokonekera. M'failomo munalembedwa kuti wodwala wasankha mano obzala, koma wapempha kuti apatsidwe nthawi, asafulumizidwe, ndipo anapatsidwadi masabata atatu. Mawu akuti mpata anali atasanduka nthawi. A Lucy anati zoterezi zimachitika womasulira akakhala wosadziwa Chichewa bwino, ndipo anafunsa kuti anamasulira ndani.

"Mwana wanga," anatero a Ida.

A Lucy analeka kuseka. Anapitiriza kuwerenga motsitsa mawu. Panali mzere wina wonena kuti dokotala anapempha chithunzi chakale cha wodwala akumwetulira, kuti apange mano ofanana ndi amene anali nawo, koma banja linati chithunzi palibe. Za shuga zinali pa tsamba lina, ndipo zinafunsidwa pa ulendo woyamba.

Pano n'koyenera kunena mosamala kuti dokotalayo analibe mlandu, ndipo a Ida sanamuimbepo mlandu. Atamva nkhani yonse anakhala pansi, navula magalasi ake, n'kufotokoza kudzera mwa a Lucy. Mano anayiwo sanali anayi, chinali chinthu chimodzi, chokhala pa tizitsulo tiwiri ta m'mbali ngati mlatho pa mizati yake. Kucheka pakati kukanakhala kudula mlathowo. Akanamva za mpata pa chiyambi, tizitsulo akanatibzala pena, ndipo mpata ukanatheka. Koma tsopano fupa linali litagwira, ndipo kutizula kukanawononga fupa lomwelo. Anawonjezera, mwina pofuna kunena zoona zonse, kuti pa mano oikirira aja mpata ndi chinthu chosavuta, amangousiya popanga.

A Ida anathokoza, natuluka. Anayenda wapansi kuchokera m'tauni mpaka kukwerera minibasi patali, akudziuza kuti mwana analakwitsa chabe, kuti anthu a m'maofesi Chichewa chimawathawa. Koma maganizo amenewa ankafika pa chithunzi n'kuima. Ireen anakulira pansi pa chithunzi chija. Ali mwana ankakwera pa mpando n'kuika chala pa mpata wa amayi ake.

Lamulungu masana Ireen anabwera ku Chilobwe ndi nsalu yobiriwira ya ukwati yoti amayi akasoketse. Ataona mano atsopanowo anasangalala, nati amayi abwerera utsikana, anthu adzayesa ndi achemwali ake. A Ida anamusiya amalize. Kenako anapita pa khoma, natsitsa chithunzi, n'kuchiika pa tebulo pamwamba pa nsaluyo.

"Iwe unapita kusukulu. Tandiuza, mawu akuti mpata ali ndi matanthauzo angati?"

Ireen anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Sanayese kunama, ndipo mwina pa chimenechi tingamuyamikire. Anayamba ndi kunena kuti iye ankangofuna kuti amayi aoneke bwino. Kenako zina zinatuluka zokha. Anati kuyambira ku pulayimale mpaka ku sekondale anzake ankamuimbira likhweru akamadutsa, kawiri mofupikitsa, kachitatu motalikitsa, ndipo dzina lake linali mwana wa Mayi Likhweru. Anati chichitikire chinkhoswe, mayi ake a Clifton anafunsa kawiri konse ngati a Ida adzachitenso zija pa ukwati, pamaso pa alendo awo. Anatinso amayi atopa, beseni alisiye, iye alipo.

"Amayi, ndakupatsani mano abwino kuposa a munthu aliyense m'Chilobwe muno."

"Wandipatsa mano a apongozi ako," anayankha a Ida. "Likhweru unkachita nalo manyazilo ndi limene linakuveka yunifomu. Koma zimenezo zisiye. Ukanandiuza m'Chinyanja kuti amayi musadzalize pa ukwati wanga, ndikanakumvera, kapena ndikanakukanira m'Chinyanja momwemo. Iwe unadikira chiyankhulo chimene sindimva."

Ireen analira. A Ida anabwezera chithunzi pa msomali wake, n'kutenga nsalu ija, n'kufunsa kuti telala wake ndi uti. Sanakweze mawu tsiku limenelo, ndipo oyandikana nawo nyumba sanadziwe kuti m'menemo mwachitika kanthu.

Beseni sanalisiye. Lolemba anali pa Ginnery Corner, ndipo nkhomaliro itakwana anatenga supuni n'kumenya chivundikiro, kawiri mofupikitsa, kachitatu mwamphamvu. Kulira kwake kunathera pa beseni lachitatu kuchokera pa lawo. Makasitomala amene anafika anayamikira mano, ena mpaka kufunsa kumene anapangitsa. Mmodzi anakumbutsa za lonjezo la likhweru, ndipo a Ida anangomukulungira chinangwa chake. A Constance, amene anamva nkhani yonse m'mawa womwewo, anafunafuna nthabwala koma sanaipeze. Anangoti munthu ukagwa pa minibasi umadziwa kuti chakupweteka ndi chitsulo.

Ukwati unachitika monga anakonzera. A Ida anavala nsalu ija, anavina pofika nthawi yovina, anapereka mphatso yawo, ndipo amayi akuimba nthungululu iwo ankaomba m'manja. Atatuluka m'tchalitchi anthu anapita pa kapinga wina wobiriwira kukajambulitsa. Wojambula anaika akwati pakati, mayi ake a Clifton mbali ina ndi chipewa chawo, a Ida mbali inayo pafupi ndi mwana wawo. Anapempha onse kuti amwetulire. Anayang'ana m'kamera, naweramuka, n'kunena kuti mayi a mkwatibwi sanamve. Anayesanso kachiwiri. Ireen anapendekera kwa amayi ake osatembenuza nkhope, kuti chophimba kumutu chisasokonezeke, n'kunong'oneza.

"Amayi, chonde, mwetulirani. Mano anuwo aoneke."

A Ida anayang'anabe kutsogolo, ndipo anayankha motsitsa, moti anamva ndi Ireen yekha.

"Undipatse mpata, mwanawe."

Wojambula anadikira pang'ono, kenako anajambula momwemo, poti dzuwa linali kutentha ndipo alendo ankadikira ku holo. Chithunzicho chinakulitsidwa n'kupachikidwa pa balaza ku Namiwawa. Onse amene alipo akuseka, kupatula awiri: mayi wa nsalu yobiriwira amene watseka pakamwa, ndi mkwatibwi, amene maso ake ali pansi.

A Ida akadagulitsabe pa Ginnery Corner. Antchito akale amawatchulabe Mayi Likhweru, ndipo atsopano akafunsa chiyambi cha dzinalo, a Ida amati afunse a Constance. Ireen amabwera ku Chilobwe mwezi ndi mwezi, amalandiridwa, amapatsidwa mpando ndi tiyi. Koma kuchipatala, ku banki, kapena kulikonse kumene kukuyankhulidwa Chingerezi, a Ida amapita ndi a Constance, amene Chingerezi chawo n'cha pa beseni ngati chawo chomwe. Amati bola kusamva awiri.